Za Kusankha Nkhokwe ya Mafayilo a Pabanja

M'nyumba zambiri za m'matauni athu muli dilowa imodzi imene munthu akaikoka amapezamo timabokosi takuda titatu kapena tinayi, tina tokulungidwa ndi mawaya ake, tina topanda waya n'komwe popeza mwana wa alamu anaubwereka ndipo sanaubweze, ndipo pamsana pa kalikonse pali kapepala komata kolembedwa ndi bolopeni: "Ukwati", "Za ku ofesi", "Nyimbo za kwaya", "Zakale, osafufuta". Timabokosi timeneti ndi ma hard drive onyamula m'manja, aja timangowatcha ma external. Ndipo ngakhale maonekedwe ake ndi onyozeka, m'kati mwake mwagona zinthu zimene makolo athu akadazikulunga m'nsalu ndi kuziika pansi pa sutikesi: zithunzi za agogo amene anatsikira kuli chete, kanema wa chinkhoswe, makalata a malo, mabuku a ndalama za bizinesi, ndi pepala la kafukufuku wa digiri limene mwini wake analikhetsera thukuta zaka ziwiri.

Vuto la timabokositi silioneka pa tsiku logula, pakuti pa tsikulo n'totchipa, n'topepuka, ndipo sitifuna nzeru ina koma kubaya waya pa kompyuta. Limadza mwakachetechete, pamene kachiwiri kagulidwa chifukwa koyamba kadzaza, ndi kachitatu kuti kasunge zina za m'koyamba ndi zina za m'kachiwiri, kufikira tsiku limene bambo wa m'nyumba, atafunsidwa ndi akazi awo kumene kuli zithunzi za ubatizo wa mwana wachisamba, amabaya aka, nachotsa, nabaya ako, osadziwanso kuti pakati pa fayilo yolembedwa "yomaliza" ndi ina yolembedwa "yomaliza yeniyeni", yoona ndi iti.

Palinso china choposa chisokonezocho. M'kati mwa hard drive muli timbale tosalala tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo pamwamba pa timbaleto pamayandama kamutu kowerenga ndi kulemba, kamene sikakhudza mbale koma kamasiya mpata woti ngakhale kanjere ka fumbi sikangadutsepo. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu: kampani ya IBM ku America ndiyo inayamba kugulitsa makina otere mu 1956, a mbale zikuluzikulu 50, osunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni, ndiwo malo ongokwana chithunzi chimodzi kapena ziwiri za foni ya lero. Mbalezo zinachepa kufikira kulowa m'thumba la malaya, koma kufooka kwake sikunachoke. External ikagwa kuchokera pa tebulo ikuzungulira, kamutu kaja kamakanda mbale, ndipo chotsala ndi kaphokoso koti tche, tche, tche, kamene wokonza makompyuta akakamva amapukusa mutu asanamasule ngakhale sikuluu imodzi. Ingakhale yosagwa imafa pa nthawi yake. Kampani ya Backblaze, imene imasungira anthu mafayilo pa madisiki zikwi mazanamazana, ndipo yakhala ikuwerenga ofa kuyambira 2013 ndi kufalitsa zimene yapeza, yaona m'zaka zaposachedwa kuti pa madisiki 100 alionse, imodzi kapena awiri amafa chaka ndi chaka. Ndipotu amenewo ndi madisiki okhala m'zipinda zozizira, osati okankhidwa m'chikwama pa minibasi.

Chifukwa chake ambiri ayamba kutembenukira ku chipangizo chimene amalonda amachitcha NAS, ndilo bokosi lokhala ndi kakompyuta m'kati mwake ndi zipinda ziwiri, zinayi kapena zoposerapo zolowetsamo madisiki, limene silibayidwa pa kompyuta ya munthu mmodzi, koma limalumikizidwa ndi waya ku rauta ya m'nyumba, kotero kuti laputopu ya bambo, foni ya mayi, tabuleti ya mwana ndi wailesi ya kanema ya pabalaza, zonse zimatapa ndi kuthira pa malo amodzi. Kusiyana kwake ndi ma external kuli monga kusiyana kwa nkhokwe yomangidwa pabwalo ndi matumba a chimanga omwazikana m'zipinda: pa nkhokwe aliyense wa pabanja amadziwa kumene kuli chakudya ndi kuchuluka kwa chotsala, komanso nkhokwe ikapsa zapsa zonse pamodzi. Mbali yachiwiri ya fanizoli ndiyo ndifuna owerenga anga aisunge mumtima, pakuti ogulitsa amalalikira yoyamba yokha.

Ndipo yoyambayo ndi yokoma, sindikana. Foni ikangofika pakhomo madzulo imatumiza yokha m'bokosimo zithunzi zonse za tsikulo, mwini wake ali kusamba. Kompyuta imadzikopera yokha pa nthawi zoikika, kudzera mu Time Machine ngati ndi ya Apple, kapena File History ngati ndi ya Windows. Munthu aliyense amapatsidwa akaunti yake ndi mawu ake achinsinsi, kotero kuti ana amaona mafilimu awo koma makalata a kubanki a makolo sawaona. Chokoma koposa kwa ife ogula mabandulo n'chakuti ulendo wonsewu umathera m'kati mwa nyumba, kuchoka pa foni kupita pa rauta ndi kulowa m'bokosi, osadya bandulo ngakhale pang'ono, ndipo umayendabe ngakhale tsiku limene intaneti yatha. Opanga mabokosiwa odziwika kwambiri ndi a ku Taiwan: Synology, imene inayamba mu 2000, QNAP ya mu 2004, ndi Asustor ya mu 2011, pamene ku China kuli TerraMaster, ndi Ugreen, imene ambiri amaidziwira pa mawaya ndi machaja.

Komatu akulu anati walira mvula walira matope. Mtengo umene muuona pansi pa chithunzi cha bokosi kawirikawiri ndi wa bokosi lopanda kanthu. Madisiki amagulidwa padera, ndipo awiri abwino angathe kudya ndalama zofanana ndi za bokosilo kapena kuposerapo. Onjezanipo batire loliteteza magetsi akazima, mtengo wonyamulira ndi msonkho wa pachipata, zonsezo m'ndalama zakunja zimene masiku ano sizipezeka mwachisawawa. Kotero ndinene mosabisa kuti si nyumba iliyonse imene ifunika NAS. Munthu amene ali ndi laputopu imodzi, ndipo zinthu zake zosabwezereka sizifika ngakhale theka la terabayiti, adzachita bwino kugula ma external awiri, nakopera zofanana pa onse awiri mwezi ndi mwezi, nasunga zikalata zofunikitsitsa pa intaneti, kumene Google imapereka 15 GB ndi Apple 5 GB popanda malipiro. Bokosi limayamba kuoneka phindu lake pamene anthu a m'nyumba achuluka, aliyense ndi foni yake yodzaza, kapena pamene wina amadyera pa ntchito yojambula maukwati, yokonza nyimbo kapena yolemba mapulani a nyumba, ndipo mafayilo ake akwana materabayiti awiri, atatu kapena asanu. Zotere kuzikweza zonse pa intaneti ndi bandulo, ndi kumalipira lendi yake m'madola mwezi uliwonse, n'kosatheka kwa ambiri a ife. Ndiponso tsiku limene khadi lakana kulipira, munthu amakumbukira kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Asanapite kwa wogulitsa, munthu akhale pansi ndi ma external ake onse, nawerenge zimene zilimo, nazigawe pawiri: zimene zitatayika angathe kuzipezanso, monga mafilimu ndi nyimbo za oimba otchuka, ndi zimene zitatayika palibe pansi pa thambo amene angam'bwezere. Ambiri amadabwa kuona kuti gawo lachiwirili ndi laling'ono, mwina limodzi mwa magawo asanu a zonse. Ndipo ndilo liyenera kulamula ndalama zonse zimene zidzatuluke m'thumba. Malo ogula akhale owirikiza kawiri zimene muli nazo lero, pakuti makanema a mafoni atsopano amadya malo mosakhuta.

Funso loyamba la wogulitsa lidzakhala lakuti mufuna la zipinda zingati, ndipo kuti munthu ayankhe mwanzeru ayenera kumvetsa njira yotchedwa RAID, imene akatswiri atatu a pa University of California ku Berkeley, David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz, anaifotokoza m'pepala lawo la mu 1988, poonetsa kuti madisiki angapo otchipa, akamangidwa pamodzi mwaluso, angathe kupirira imfa ya mnzawo mmodzi popanda kutaya kanthu. M'bokosi la zipinda ziwiri njira yake ndi RAID 1, imene chilichonse cholembedwa pa disiki yoyamba chimalembedwanso pa yachiwiri nthawi yomweyo, kotero kuti wogula madisiki awiri a 4 TB amakhala ndi malo a 4 TB okha, osati 8. Ndipo kompyuta idzamuonetsa pafupifupi 3.6, osati chifukwa wina wamubera, koma popeza opanga madisiki amawerenga m'magulu a 1,000 pamene kompyuta imawerenga m'magulu a 1,024. M'bokosi la zipinda zinayi, madisiki anayi a 4 TB pa RAID 5 amapereka 12 TB napirira imfa ya imodzi, ndipo pa RAID 6 amapereka 8 TB napirira imfa ya awiri. Synology ili ndi njira yakeyake yotchedwa SHR, imene imalola kusakaniza madisiki osiyana kukula, chinthu chothandiza munthu wogula pang'onopang'ono monga thumba lilolera. Koma pali njira ina yotchedwa RAID 0, yokopa maso chifukwa imapereka malo onse ndi liwiro lalikulu, imene imang'amba fayilo iliyonse ndi kuigawira madisiki onse, kotero kuti imodzi ikafa zafa zonse. Imeneyo pakhomo musaiyandikire.

Tsiku limene disiki imodzi idzafe, bokosi lidzayamba kulira pii, pii, ndipo kanyali ka chipinda chimenecho, kamene kanali kobiriwira, kadzasanduka kachikasu. Mwini wake adzakoka kathireyi, nachotsa yakufayo, nalowetsa yatsopano, ndipo bokosi lidzayamba kuidzaza ndi zimene zili pa yamoyo, ntchito ya maola ambiri, imene pa madisiki akuluakulu imatha kudya usiku ndi usana wathunthu. Maola amenewo ndiwo oopsa koposa m'moyo wonse wa bokosi, pakuti disiki yotsalayo, imene inagulidwa tsiku limodzi ndi inzake ndi kukalamba nayo pamodzi, imawerengedwa kuyambira kumutu kufikira kumapeto osapuma. Ndipo ngati munthu wayamba wadikira milungu itatu kuti yatsopano ifike kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, ndiye kuti milungu yonseyo banja laimira pa disiki imodzi yokalamba. N'chifukwa chake ochenjera amagula madisiki awo m'masitolo osiyana kapena pa miyezi yosiyana, ndipo amene angathe amasunga ina yapadera m'kabati.

Tsopano ndifike pa mawu amene ndalembera nkhani yonseyi. Anthu ambiri akaona madisiki awiri m'bokosi amagona tulo tabwino, poyesa kuti ali ndi makope awiri a chuma chawo. Koma RAID inapangidwira mdani mmodzi yekha, ndiye imfa ya disiki, ndipo adani ena onse imawatsekulira khomo ndi kuwatumikira mokhulupirika. Mwana akafufuta foda ya ukwati, ifufutika pa madisiki onse awiri m'kuphethira kwa diso. Kavairasi akalowa pa laputopu nayamba kutseka mafayilo, bokosi lidzalemba zotsekedwazo kawiri mosanyinyirika. Mphezi ikadzera m'mawaya, kapena denga likadontha pa alumali, kapena mbala ikathyola zenera, sidzasankha disiki yakumanja ndi kusiya yakumanzere. Tsoka silinunkha. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, ndiye anatchukitsa lamulo limene akatswiri amalitcha 3-2-1: chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kutali ndi nyumba. Pa chiwerengero chimenecho bokosi lonse, ngakhale likhale ndi madisiki asanu ndi atatu, ndi kope limodzi.

Apa mpamene ma external akale aja amapeza ulemu wawo watsopano, ndipo ndikudandaulirani kuti musawagulitse kapena kuwagawira ana. Sankhanipo awiri amene ali bwino, amene aliyense angathe kunyamula gawo lija losabwezereka. Imodzi muziibaya kumbuyo kwa bokosi kamodzi pa mwezi, bokosi likoperemo zatsopano, mukatero muichotse ndi kupita nayo ku ofesi kapena kwa achimwene amene amakhala dera lina, ndipo pobwerako mutenge inzake imene inagona kumeneko mwezi watha. Musaisiye ili chibayire, pakuti disiki yolumikizidwa ndi bokosi usana ndi usiku imagawana nalo mphezi, mbala ndi kavairasi yemwe. Ngati muli zikalata zimene simufuna kuti a kwa achimwene aziwerenge, mabokosi onse odziwika amatha kutseka kopelo ndi mawu achinsinsi. Koma mawuwo akaiwalika, madzi akatayika saoleka.

Pali chinthu chimodzi cha m'kati chimene ndi bwino kuchifunsa pogula, ngakhale sichilembedwa ndi zilembo zazikulu pa katoni, ndicho kasanjidwe ka mafayilo pa disiki. Mabokosi ogwiritsa ntchito Btrfs kapena ZFS, imene inachokera ku kampani ya Sun Microsystems mu 2005, amaika chidindo cha manambala pa kachidutswa kalikonse kolembedwa, ndipo mukawalamula kuti mwezi ndi mwezi aziwerenga zonse, amatha kuzindikira chithunzi chimene chayamba kuwonongeka mobisika, nachikonza kuchokera pa disiki inzake. Amathanso kusunga zimene amazitcha snapshot, ndiko kukumbukira mmene foda inalili dzulo, sabata yatha kapena mwezi watha, popanda kudya malo ambiri. Ndipo foda ya ukwati ija imene mwana anafufuta imabwezedwa m'mphindi ziwiri. Mabokosi ena otsika mtengo alibe zimenezi, ndipo kwa ine kusiyana kwa mtengowo n'koyenera kulipira.

Za madisiki enieniwo, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pali madisiki a mtundu wa CMR, amene mizere yake yolembamo imagona motalikirana, ndi ena a SMR, amene mizere yake imasanjikizana, wina kukwera pang'ono pa mnzake, kuti m'mbale mulowe zambiri pa mtengo wochepa. Koma pa otere, kusintha mzere umodzi kumafuna kulembanso oyandikana nawo, ndipo pa ntchito yaitali monga yodzaza disiki yatsopano ija, amafooka ndi kuchedwa kwambiri, mwina kufikira bokosi kuwayesa akufa. Mu 2020 zinadziwika kuti Western Digital inali kugulitsa madisiki ena a WD Red, a 2 TB kufikira 6 TB, opangidwira mabokosi omwewa, ali a SMR koma osanena. Ogula atakwiya, kampaniyo inapatula a CMR niwatcha WD Red Plus. Lero wogula afune WD Red Plus, Seagate IronWolf kapena Toshiba N300, ndipo aonenso m'ndandanda wa wopanga bokosi ngati disikiyo imaloledwa, pakuti mu 2025 Synology inalengeza kuti mabokosi ake atsopano a mtundu wa Plus azilandira mokwanira madisiki ake okha ndi amene yawavomereza, ndipo ngakhale inafewetsa lamulolo chaka chomwecho anthu atadandaula, phunziro lake linatsala. Disiki yakaunjika, yochotsedwa m'makompyuta a m'maofesi akunja, isagulidwe musanaone kaundula wake wa m'kati wotchedwa SMART, amene amanena maola amene yakhala ikuzungulira ndi zipsera zimene yapeza pa mbale zake. Safunsa anadya phula.

Wina asayembekeze kuti bokosi lidzathamanga kuposa external yobayidwa pa USB 3, pakuti nthawi zambiri limachedwerapo. Waya wa gigabit, umene mabokosi ambiri ali nawo, umanyamula mamegabayiti pafupifupi 110 pa sekondi, kotero kuti terabayiti imodzi imatenga maola awiri ndi theka. Koma marauta ambiri otchipa ali ndi mabowo a 100 Mbps okha, ndipo pa otere ntchito yomweyo imadya tsiku lathunthu ndi ola limodzi pamwamba. Mabokosi atsopano ena ali ndi bowo la 2.5 gigabit, limene phindu lake limaoneka pokhapokha kompyuta ndi zonse za pakati zili za liwiro lomwelo. Ndipo nyumba imene intaneti yake ndi ka MiFi ka m'thumba kapena hotspot ya foni iyambe yagula rauta yokhala ndi mabowo a waya, popeza bokosi lopanda polumikiza ndi chokongoletsa chabe cha pa alumali.

Nkhani ya magetsi ife sitiifunira mphunzitsi. A ku Malawi akumbukira mmene namondwe Ana anawonongera damu la Kapichira pa Shire mu Januwale 2022, dziko nilitaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. A ku Zambia ndi Zimbabwe akumbukira chilala cha mu 2024, pamene madzi a Kariba anatsika ndipo nyumba zinkakhala mumdima maola ochuluka kuposa oyaka. Bokosili linapangidwa ndi anthu oyesa kuti magetsi sazima, ndipo likadulidwa mwadzidzidzi lili pakati polemba, fayilo ingathe kutsala theka, kapena madisiki awiri aja kusiyana mawu. Kotero kwa ife UPS, batire lija loliteteza magetsi akazima, ndi chiwalo cha bokosilo, ndipo iwerengedwe pa mtengo kuyambira tsiku loyamba. Siifunika kukhala yaikulu. Ntchito yake si kuyendetsa bokosi usiku wonse, koma kulipatsa mphindi zochepa zoti limalize kulemba ndi kudzizimitsa mwaulemu, ndipo kuti itero iyenera kukhala ndi waya wa USB wouza bokosi kuti magetsi apita. Bokosi la zipinda ziwiri limadya mawati pafupifupi 15 likamagwira ntchito, ndiwo mayunitsi ngati 11 pa mwezi likamayaka osazima, ndipo madisiki akagona limadya ochepa koposa. Nyumba ya sola ndi inveta silingaivutitse. Liikeni pamalo okwera, podutsa mphepo, kutali ndi khitchini ndi zenera la kumsewu, pakuti kutentha kwa Okutobala ndi fumbi lotseka kafani ndi adani a pang'onopang'ono. Ndipo kuchipinda chogona ayi, chifukwa madisiki amang'ung'udza usiku.

Mdani wotsiriza amadzera pa khomo limene mwini nyumba watsekula yekha. N'chokhumbirika kuti mwana amene ali ku Cape Town kapena ku Leeds aziona zithunzi za kumudzi molunjika kuchokera m'bokosi la pabalaza, ndipo n'zotheka. Koma bokosi loonekera poyera pa intaneti limagogodedwa usana ndi usiku ndi makina a akuba a m'maiko onse. Mu Juni 2021, ena mwa eni ake a tizipangizo ta WD My Book Live, timene pulogalamu yake inakonzedwa komaliza mu 2015, anadzuka napeza mafayilo awo onse atafufutidwa ndi anthu akutali. Mu Januwale 2022 kavairasi wotchedwa DeadBolt anatseka mafayilo m'mabokosi zikwi zambiri a QNAP, nafuna dipo la 0.03 bitcoin kwa aliyense, ndipo mwezi wotsatira anagwera a Asustor. Pa zotere RAID siiteteza, ngakhale nyali zonse zili zobiriwira. Chitetezo chake si chovuta: muzimitse pa rauta chotchedwa UPnP, chimene chimalola zipangizo kudzitsekulira zokha makomo, mutseke akaunti ya admin imene bokosi limabwera nayo ndi kupanga yanu, muyatse kutsimikiza kwachiwiri kwa nambala ya pa foni, mulole bokosi kulandira zokonza pulogalamu yake, ngakhale zidye kabandulo, ndipo wofuna kulowa ali kutali adzere pa njira yotsekeka ya VPN, monga WireGuard kapena Tailscale. Nkhani ya My Book Live ikuphunzitsanso kuti bokosi lakale lotchipa, limene wopanga analeka kulisamala, lisaonetsedwe ku intaneti ngakhale tsiku limodzi.

Achinyamata okonda kumasula makompyuta adzanena kuti zonsezi angathe kuzimanga okha ndi kompyuta yakale ya mu ofesi, poikamo TrueNAS kapena OpenMediaVault, mapulogalamu aulere ndi okhwima. Ndipo akunena zoona, kungoti kompyuta yakale imadya magetsi ochuluka, ndipo tsiku limene mnyamatayo adzapite ku koleji kapena ku Joni, makolo adzatsala ndi makina amene palibe wina awadziwa chinenero chake. Ogulitsa nawonso adzakuonetsani zina zambiri zimene bokosi lingachite, kuonetsa mafilimu kudzera mu Plex kapena Jellyfin, kujambula makamera a pageti, kuzindikira nkhope za pa zithunzi; zina mwa izo n'zabwino, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pulogalamu iliyonse yoonjezera ndi khomo linanso loti mulilondere. Kwa banja wamba, ine ndingasankhe bokosi la zipinda ziwiri la kampani imene ikulisamalabe, lokhala ndi Btrfs, madisiki awiri a CMR, UPS yaing'ono, ndi ma external awiri osinthana. La zipinda zinayi ndingalisiyire wojambula maukwati, amene mafayilo ake amakula Loweruka lililonse.

Posamuka, musafulumire. Koperani external imodzi pa nthawi, makamaka poibaya pa bokosi lenilenilo kapena pa laputopu yolumikizidwa ndi waya, iliyonse m'foda yakeyake yokhala ndi dzina la pa kapepala kaja, ndipo ntchito yosankha zobwerezabwereza muisiyire masabata akudza, pamene mtima wakhala pansi. Pa ma external akalewo musafufutepo kanthu kufikira patapita mwezi, mutatsekula zithunzi ndi makanema a zaka zosiyanasiyana ndi kuona ndi maso anu kuti akutseguka. Dziwaninso kuti madisiki a m'bokosi salembedwa monga Windows imawerengera, kotero kuti bokosilo likadzapsa madisiki ali amoyo, simudzangowabaya pa laputopu. Adzafuna bokosi lina la kampani yomweyo, kapena munthu wodziwa Linux. Chifukwa chake external yopita kwa achimwene ija ikhale ya exFAT kapena NTFS, imene kompyuta wamba imawerenga. Mawu achinsinsi alembedwe pa pepala, limene akazi anu kapena amuna anu adziwe pamene lili. Ndipo kamodzi pa miyezi itatu, wina wa m'nyumba amene sanaliike bokosilo atenge external imeneyo, aibaye pa laputopu yake, nayese kupezamo yekha zithunzi za chaka chimene inu mwam'tchulira.